Moto wa m'mapesi sungathetse kaufiti

Chaka chilichonse mwezi wa Seputembala ukamapita kumapeto, utsi umayamba kufuka m'minda yathu, ndipo pamodzi ndi utsiwo umabukanso mkangano wakale pakati pa alangizi a zaulimi ndi eni minda. Alangizi amati mapesi tiziwasiya m'munda kuti aphimbe nthaka, pamene alimi ambiri amati munda wosatenthedwa ndi wa munthu waulesi, ndipo umangoweta chiswe ndi mbewa. Chaka chino mkanganowu ndinaumva utafika povuta pa msonkhano wa kalabu ya alimi kwathu. Bambo wina wachikulire, amene munda wake wa chimanga unafiira ndi maluwa a kaufiti mu Febuluwale, anaimirira n'kunena kuti iwo atentha chilichonse, mapesi ndi udzu womwe, kuti njere za kaufitiyo zipsere pomwepo. Anthu ambiri anawawombera m'manja. Ine manja anga anakhala pamiyendo, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake. Maganizo anga ndi akuti munda wotenthedwa, umene wasiyidwa pambalambanda kuti dzuwa la Okutobala ndi Novembala liuwambe, ndiwo umene njere za kaufiti zimadzukamo msanga ndiponso mochuluka. Chotero amene akufuna kuchepetsa kaufiti ayenera kuyamba ndi kuphimba nthaka, kuipatsa mthunzi ndi kuidyetsa, ndipo moto ausungire ntchito ina yaing'ono imene ndiitchula kutsogoloku.

Kuti mfundo imeneyi imveke, tiyambe taona mmene njere ya kaufiti imakhalira. Kaufiti amene timamudziwa kuno, wa maluwa ofiira uja, akatswiri amamutcha Striga asiatica, ndipo amagwira chimanga, mapira, mawere ndi mbewu zina za mtundu wa udzu. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi. Mukafikisa kabulukutu kouma ka kaufiti pachikhatho, mumaona ngati mwagwira fodya wa m'mphuno, ndipo mukapuma pang'ono zonse zimauluka. Tsinde limodzi lokha likhoza kubereka njere 50,000 kapena kuposerapo, ndipo njerezo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 zili zamoyo. Popeza kanjere kotere kalibe chakudya chokwanira m'kati mwake, sikangamere chisawawa monga umachitira udzu wina wonse mvula ikangogwa. Kakamera popanda muzu wa chimanga pafupi, kamafa m'masiku owerengeka. Ndiye chifukwa chake kamadikira zinthu zitatu motsatizana. Choyamba, kakagwa pansi kamagona miyezi ingapo, ndipo kutentha kouma kwa chilimwe kumakathandiza kumaliza tulo timeneti. Chachiwiri, kamafuna kukhala m'nthaka yonyowa ndiponso yofunda kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kuti kakhale tcheru. Chachitatu, kakakhala tcheru choncho, kamadikira timadzi tina timene mizu ya chimanga imatulutsa m'nthaka, ndipo kakangotimva kamaphuka tsiku lomwelo kapena lotsatira, n'kulasa kamuzu kake pa muzu wa chimangacho.

Pa zinthu zitatu zonsezi kutentha kwa nthaka kuli ndi mbali yake, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ofufuza akhala akuika njere za kaufiti pa kutentha kosiyanasiyana, ndipo chimene chadziwika n'chakuti zimamera bwino kwambiri kutentha kukakhala pafupi ndi madigiri 30 mpaka 35 pa muyeso wa Celsius. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 20, kamere kake kamabwerera m'mbuyo kwambiri, ndipo ngakhale nthawi ija yokhalira tcheru imatalika. Kunena mwachidule, nthaka yonyowa ndi yotentha imafupikitsa masiku amene njere imafuna kuti ikonzeke, pamene nthaka yozizirirapo imaichedwetsa. Tsopano taganizirani munda wamchenga umene watenthedwa mu Seputembala, mizere yake yaungidwa, ndipo wakhala wopanda chophimba chilichonse mpaka Novembala. Aliyense amene anayendapo opanda nsapato pa mizere yotere masana akudziwa kuti umachita kudumphadumpha. Ikagwa mvula ya chizimalupsa, kapena mvula yoyamba yobzalira, chinyontho chimakumana ndi kutentha kumene kwasungika m'nthakamo, ndipo njere za kaufiti zimapeza zonse zimene zimafuna pa nthawi yomweyo imene chimanga chathu chikutulutsa mizu yake yoyamba yanthete.

Ndili mwana ndinkadabwa ndi chinthu china m'minda ya amayi anga. Anali ndi munda wa kumtunda, wamchenga, umene chaka ndi chaka unkafiira ndi kaufiti, chimanga chake chili chachikasu, chofika m'chiuno, masamba atapinda ngati kulibe mvula pamene nthaka inali yonyowa. Analinso ndi dimba kumunsi kwa dambo, kumene ankabzala chimanga cha mtundu womwewo mu Juni ndi Julayi, ndipo kumeneko sindinaoneko duwa la kaufiti ndi limodzi lomwe. Khasu linali lomwelo, mapazi onyamula dothi anali omwewo, ndipo madzi a mvula ankatsika kuchokera kumunda wa kumtunda kulowera kudambo komweko, motero njere ziyenera kuti zinkafikako. Lero ndikuona kuti zifukwa zinali ziwiri zophatikizana: nthaka ya m'dimba inali yachonde, komanso inali yozizira, pakuti chimanga chake chinkamera m'nyengo ya chisanu. Zifukwa ziwiri zomwezi, chonde ndi kuzizirirapo kwa nthaka, ndizo zimene mlimi angathe kuzisendezera pang'ono kumunda wa kumtunda akasiya kutentha mapesi.

Komabe amene amatsutsa maganizo amenewa ali ndi mfundo zawo, ndipo si anthu opanda nzeru. Mfundo yoyamba ndi ya bambo aja a pa msonkhano, yakuti moto umapha njere. N'zoona kuti njere imene yagwidwa ndi lawi imapsa. Vuto n'lakuti pofika Seputembala njere zambiri sizilinso pa tsinde. Kaufiti amachita maluwa ndi kukhwimitsa njere chimanga chisanakololedwe, ndipo pofika nthawi yotentha mapesi njerezo zinagwa kale, zina zinalowa m'ming'alu, zina zinakwiriridwa ndi mapazi a anthu ndi ziweto. Kuwonjezera apo, m'nthakamo muli njere za zaka zambiri zapitazo zimene khasu linazikwirira pounga mizere. Moto wa mapesi umathamanga pamwamba kwa kanthawi kochepa, ndipo dothi silipititsa kutentha pansi msanga. Mukakumba ndi chala pamene moto wangodutsa, mumapeza kuti pansi pang'ono pokha dothi silinasinthe. Choncho moto umatenga chophimba cha nthaka, umauluza mbali yaikulu ya chonde chimene chinali m'mapesimo, makamaka nayitrojeni amene amapita ndi utsi, n'kusiya njere za kaufiti zili bwinobwino pansi pa nthaka yakuda ndi phulusa, imene tsopano izimwa dzuwa kuposa kale. Mlimi amapita kunyumba atakhutira kuti munda wayera, koma mdani amene amafuna kumupha wangomukonzera pogona pofunda.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyambayi, ndipo ndimaimva kwa anthu ophunzira. Iwo amati kuphimba nthaka ndi mapesi sikungatsitse kutentha mpaka pansi pa madigiri 20 m'mwezi wa Disembala, choncho njere zidzamerabe, ndipo kunena za kutentha n'kungotaya nthawi. Mbali yoyamba ya mawuwa ndi yoona, ndipo sindifuna kunamiza munthu kuti mapesi adzasandutsa munda wa ku Kasungu kapena ku Salima kukhala wozizira ngati phiri la Dedza. Koma tiyenera kukumbukira kuti kaufiti amapweteka chimanga kwambiri akachigwira chili chaching'ono. Kanjere kakamera n'kulasa muzu, kamakhala pansi pa nthaka kwa milungu ingapo, mwezi wathunthu kapena kuposerapo, kakuyamwa madzi ndi chakudya ndiponso kufooketsa chimangacho, ife tisanaone kalikonse pamwamba. Chimanga chimene chagwidwa pa mlungu wachiwiri chimapinimbira kotheratu, pamene chimene chagwidwa chitakula kale, mizu yake itazama, chimatha kupirira n'kubereka ndithu. Ndiye ngati chophimba chichepetsa kutentha kwa masana ndi madigiri angapo okha, n'kuchedwetsa njere zina ndi masiku owerengeka, masiku amenewo ndi phindu la chimanga. Komanso phindu la mthunzi silithera pa njere pokha. Kaufiti akatuluka pamwamba, amakoka madzi kuchokera m'chimanga mwa kutulutsa nthunzi yambiri m'masamba ake, ndipo amachita zimenezi bwino pamene pali dzuwa, kutentha ndi mpweya wouma. Pansi pa masamba a maungu, khobwe kapena mtedza, pamene mpweya ndi wachinyontho ndi wozizirirapo, mphamvu yake yokokayo imachepa, ndipo ambiri safika pochita maluwa. Makolo athu amene ankabzala maungu, nyemba ndi nandolo m'kati mwa chimanga ankachita chinthu chanzeru, ngakhale kuti madigiri sankawawerenga.

Mfundo yachitatu imati vuto la kaufiti ndi vuto la feteleza basi, ndipo boma likangoonjezera makuponi kapena kutsitsa mtengo wa thumba, kaufiti adzatha yekha. Mfundoyi ili ndi choonadi chachikulu. Chimanga chimene chikusowa chakudya m'nthaka, makamaka fosiforasi ndi nayitrojeni, chimatulutsa timadzi tija tochuluka, chifukwa timadzito ntchito yake yeniyeni ndi kuitana tizamoyo ta mtundu wa bowa timene timathandiza mizu kupeza chakudya. Kaufiti amangomvetsera kuitana kumene sikunali kwake. N'chifukwa chake amachuluka m'minda yoguga, ndipo mlimi aliyense anaonapo kuti pamene panali khola la ng'ombe kapena pachulu chimanga chimakula bwino kaufiti ali wochepa. Koma tiyeni tione mmene zinthu zakhalira. Ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo inayamba mu 2005, ina inalowa m'malo mwake mu 2020, ndipo pa zaka zonsezi minda yofiira ndi kaufiti sinathe. Zifukwa zake si zobisika. Feteleza amafikira ena, ena osawafikira; nthawi zambiri amafika mochedwa, chimanga chitamera kale, pamene kaufiti wachilasa kale pansi; ndipo thumba limodzi limagawidwa pa munda waukulu kuposa muyeso wake. Ndiponso feteleza wothiridwa pa mchenga wopanda zowolerana amakokoloka ndi mvula yoyamba yamphamvu. Mapesi owola, manyowa a m'khola ndi masamba a nandolo ndiwo amagwira feteleza ameneyo kuti akhalitse. Choncho amene akutentha mapesi n'kumadikira feteleza akuwononga ndi dzanja limodzi chimene akupempha ndi dzanja linalo.

Mfundo yachinayi imachokera kwa alimi atcheru amene anaona kuti chimanga chobzalidwa mochedwa nthawi zina chimakhala ndi kaufiti wochepa, ndiye amati mankhwala ake n'kuchedwa kubzala. Zimene anaonazo n'zoona, ndipo zikugwirizana ndi zimene ofufuza anapeza: njere zikakhala m'nthaka yonyowa ndi yofunda kwa milungu yambiri osamva timadzi ta mizu, zimabwereranso kutulo, kudikira chaka china. Koma mtengo wa njira imeneyi ndi waukulu kwambiri kwa ife amene tili ndi dzinja limodzi lokha pa chaka, dzinja limenenso masiku ano limatha kudukiza mu Januwale kapena kutha msanga mu Malichi. Wochedwa kubzala amathawa kaufiti n'kukagwa m'chilala, ndipo njere zimene zagonazo sizinafe, zidzamudikira chaka chamawa. Njira yabwino yogwiritsira ntchito nzeru yomweyi ndi yakuti, pa nthawi imene nthaka yatentha ndi kunyowa, njere zili tcheru, m'mundamo mukhale mbewu imene imadzutsa kaufiti koma iye sangathe kuiyamwa. Thonje ndi lotero, ndipo ndi m'mizu ya thonje momwe asayansi a ku America anapezamo koyamba mankhwala odzutsa njerewa mu 1966. Soya, mtedza, khobwe ndi mpendadzuwa nazonso zimathandiza mwa njira yomweyi. Njere imamva kuitana, imaphuka, imasowa pogwira, n'kufa. Apa kutentha kwa Novembala ndi Disembala kumene kumathandiza kaufiti m'munda wa chimanga kumasanduka msampha wake m'munda wa kasinthasintha. Ndiyenera kuchenjeza kuti pali kaufiti wina wa maluwa achikasu, wotchedwa Alectra vogelii, amene amagwira khobwe, mtedza ndi soya, motero m'munda umene iye alimo mlimi asankhe mbewu yosinthira atafunsa alangizi.

Pali dandaulo lina limene sindingalidumphe, chifukwa ndi la amayi ndi abambo amene anayesadi kuphimba nthaka n'kukhumudwa. Iwo amati mapesi amaitana chiswe, amati ng'ombe ndi mbuzi za eni ake zimadzadya zonse m'chilimwe, ndipo amati ngakhale utasunga mapesi ako, anyamata osaka mbewa amadzayatsa moto usiku umodzi n'kupsereza ntchito ya miyezi itatu. Ine ndemwe zinandichitikira: ndinayala mapesi pa theka la ekala, ndipo m'mawa wina wa mu Ogasiti ndinapeza phulusa lokhalokha ndi maenje a mbewa. Zimapweteka mtima, ndipo munthu amafuna kungosiya. Za chiswe, zimene alimi ambiri aona n'zakuti chikapeza mapesi ouma pansi chimatanganidwa nawo, ndipo pochita zimenezo chimawasandutsa dothi n'kuboola timayenje tolowera madzi. Koma za moto ndi ziweto, mlimi mmodzi payekha sangazithe. Imeneyi ndi nkhani ya mudzi wonse, ya mafumu athu ndi makomiti a chitukuko. Mudzi umene umatha kugwirizana za tsiku lolambula msewu kapena la kumanda ukhoza kugwirizananso kuti woyatsa moto m'munda wa mnzake alipe, ndiponso kuti ziweto zikhale ndi malo ake odyera m'chilimwe. Dandauloli likutiuza kuti kuphimba nthaka n'kovuta kukusunga, koma silikutsutsa kuti nthaka yophimbidwa imazizirirapo ndi kusunga chinyontho.

Otsiriza ndi aja amene amati dzina lenilenilo likunena zonse, kuti kaufiti ndi zochita za anthu, ndipo munda ukafiira ndiye kuti wina waulodza. Sindiwaseka anthu amenewa, chifukwa chimene amaona n'chodabwitsadi: chimanga chikufota nthaka ili yonyowa, popanda mbozi, popanda udzu wooneka, ndipo munda wa mnansi wongodutsa malire uli wobiriwira. Ngakhale azungu dzina limene anaupatsa udzuwu m'chilankhulo chawo limanenanso za ufiti, pa chifukwa chomwechi. Koma ndingapemphe aliyense wokayika kuti mu Januwale azule phata limodzi la chimanga chopinimbira, alitsuke mizu m'beseni la madzi mosamala, ndipo ayang'anitsitse. Adzaona timphukira toyera, tonenepa, tomata pa mizu ya chimangacho, tisanatulukire kunja. Akaona zimenezo adzadziwa kuti chodya chimanga chake chili m'nthaka yake yomwe, ndipo mwina ubale wake ndi mnansi uja udzapulumuka. Kaufiti yemweyu anapezekanso m'minda ya chimanga ku North Carolina ndi South Carolina m'dziko la America m'zaka za m'ma 1950, ndipo kumeneko anamuchepetsa patapita zaka makumi angapo, mwa zina popopera m'nthaka mpweya wa ethylene umene umanyenga njere kuti zimere popanda chimanga. Njira imeneyo imafuna makina ndi ndalama zimene ife tilibe, koma nzeru yake ndi yomwe ija ya thonje ndi soya. Ku Kenya, bungwe la kafukufuku lotchedwa icipe linapeza kuti chomera cha mtundu wa nyemba chotchedwa Desmodium, chikabzalidwa pakati pa mizere ya chimanga, chimaphimba nthaka, chimaonjezera chonde, ndipo mizu yake imalepheretsa kaufiti kugwira bwino chimangacho.

Nanga moto uja ndinati tiusungire ntchito ina? Ntchito yake ndi iyi. Kaufiti amatuluka ambiri a ife titamaliza kupalira ndi kubandira, makasu titapachika, ndipo amachita maluwa munda uli wokha. Nthawi imeneyo, mu Febuluwale ndi Malichi, ndi pamene tiyenera kubwerera m'munda, kumuzula ndi manja maluwa akangoyamba kuoneka, njere zisanakhwime, kumuika m'thumba kuti asawazike m'njira, n'kukamutentha pa dzenje limodzi kunja kwa munda. Kuzula kumeneku sikupulumutsa chimanga cha chaka chimenecho, ndipo ndikudziwa kuti n'chifukwa chake anthu ambiri amakuona ngati ntchito yopanda malipiro. Koma tsinde lililonse lozulidwa ndi njere zikwizikwi zimene sizilowa m'nthaka, ndipo moto woyatsidwa pa mulu umenewo umapha kaufiti wochuluka kuposa moto wa Seputembala umene umapsereza munda wonse.

Pempho langa kwa alangizi a zaulimi ndi kwa amene amakonza mapologalamu a ulimi pa wailesi n'lakuti nkhani ya kaufiti aziyamba kuikamba mu Ogasiti ndi Seputembala, machesi asanayatsidwe, chifukwa pofika Febuluwale, pamene minda yafiira ndipo aliyense akudandaula, zimene zikuonekazo zinachitika kale pansi pa nthaka yotentha ya Novembala ndi Disembala. Ndipo pofotokoza asamangoti musatenthe mapesi, koma azitenga mlimi masana, amuuze aike dzanja pa mzere wopanda chophimba, kenako alilowetse pansi pa mapesi oyalidwa, amve yekha kusiyana kwake. Bambo aja a pa msonkhano ndinakawapeza kwawo patapita masiku awiri, ndipo titakambirana nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango anavomera kuti mbali ya kumadzulo ya munda wawo aitentha monga anakonzera, koma mbali ya kummawa ayalapo mapesi n'kubzalapo soya, ndipo tagwirizana kuti mu Januwale wa chaka chinacho, chimanga chikadzabwerera pa mbali zonse ziwiri, tidzazule mapata awiri n'kuwatsuka mizu m'beseni limodzi.